Madzi Sadziwa Malire a Bwana D.C.

M'mwezi wa Epulo 2023, dziko lidakali pa maliro a namondwe Freddy, bwato lonyamula anthu 22 lidagubuduka pa mtsinje wa Rusa m'boma la Mchinji. Anthuwo sadali pa ulendo wokasangalala ayi, ankaoloka kupita kumaliro. Nkhani zoyamba kumveka zidati asanu apezeka atafa kale, ndipo ena 12 sakuoneka. Misozi isadaume, pakati pa mwezi wa Meyi, mvuu idagunda bwato lina pa Shire ku Nsanje, m'mene mudali anthu 37. Kamwana ka chaka chimodzi kadafa, ndipo anthu 23 adasowa m'madzi.

Mawu amene amanenedwa ngozi zotere zikagwa tonse tidawaloweza pamtima. Bwato lidadzaza mopyola muyeso. Anthu akumudzi samva. Wopalasa adakonda ndalama. Kenaka akuluakulu amafika pa magalimoto, napepesa, nasiya matumba a ufa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindikukana kuti bwato lodzaza ndi manda oyenda. Koma kulankhula kotereku n'kokomera olankhulawo, pakuti mlandu wonse kumautula pamutu pa anthu amene sangathenso kuyankha. Funso limene ndikufuna tilimbane nalo pano ndi lina: bwato litagubuduka kale, anthu ali m'madzi, ndani ayenera kuthamanga, achokere kuti, ndipo kodi ayambe wapempha chilolezo kwa yani?

Tiyambe taona m'mene madzi a kwathu ku zigwa za fodya amayendera. Rusa amachokera ku Mchinji, nalowa m'dziko la Kasungu, nakathira mu Bua. Bua nayenso gwero lake lili ku Mchinji konko. Akamatsika amalekanitsa Kasungu ndi Dowa, monga adziwa aliyense amene adaolokapo mlatho wa pa msewu wa M1 kuchokera ku Madisi, napitirira m'mphepete mwa Ntchisi, nadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota kufikira kunyanja. Tsono munthu amene wagwa m'madzi kumtunda, madzi ali odzaza, sakhala m'boma limene adagweramo. Amayamba ali nkhani ya D.C. uyu, pofika madzulo ali nkhani ya D.C. wina amene sadamveko n'komwe kuti kumtunda kwagwa zotere.

Atsamunda polemba malire ankakonda mitsinje chifukwa pa mapu mtsinje ndi mzere wojambulidwa kale, sulira kuti munthu atuluke mu ofesi kukayeza. Ife tidalandira mizereyo osafunsa. Koma kwa munthu wokhala m'mbali mwa Bua, mtsinje si mathero a dziko, ndi pakati pa mudzi. Mkazi wake adamupeza kutsidya, dimba lake lili kutsidya, chigayo chapafupi chili kutsidya, manda a makolo ake ali kutsidya. Boma likamati apa ndiye pothera mphamvu zanga, limanena pamalo penipeni pamene anthu amaolokerapo tsiku ndi tsiku. Ndiye kuti malo oopsa kuposa onse m'chigwa chonsechi ndi amenenso ali kutali kuposa onse ndi ofesi iliyonse, kuseri kwa nyumba ya aliyense.

Anzathu amene mukuphunzira za kayendetsedwe ka boma mundiuza kuti dongosolo lilipo. Inde lilipo, ndipo nanenso ndalimva m'kalasi. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola anthu mazanamazana ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 1991, boma lidakhazikitsa lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi chaka chomwecho. Kudabwera makomiti a pamudzi, makomiti a kwa mfumu yaikulu, komiti ya pa boma, ndipo pamwamba pa onsewa pali nthambi ya DoDMA ku Lilongwe. M'chaka cha 1998 kudadzanso lamulo la makhonsolo ndi mfuu ija yakuti mphamvu ku anthu. Mu 2023, Freddy atatha kutisautsa, aphungu adavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa la 1991 lija. Pa bolodi zonsezi zimaoneka bwino kwambiri, mabokosi ndi mivi yake.

Koma tayang'anitsitsani mivi imeneyo. Yonse ikuloza kumwamba. Nyakwawa auze gulupu, gulupu auze mfumu yaikulu, mfumu yaikulu iuze D.C., D.C. alembere ku likulu. Ndionetseni muvi umodzi wokha woloza chammbali, wochoka pa doko la m'boma ili kupita pa doko la m'boma linalo. Uthenga ngati uyenera kukwera makwerero onsewo kukafika ku Lilongwe, kenaka n'kutsikanso makwerero ena kuti ufike kwa anthu amene ali kutsidya, oti mukakuwa amamva, pamenepo madzi apambana kale mpikisano.

Ndipo malirewo si a makhonsolo okha. Apolisi a ku Mchinji ali pansi pa chigawo cha Central West chimene likulu lake lili ku Lilongwe, pamene a ku Kasungu, Dowa ndi Ntchisi ali pansi pa Central East chimene likulu lake lili ku Kasungu. Chipatala cha boma lililonse chili ndi ambulansi zake ndi gawo lake la mafuta, ndipo mafutawo amayenera kuwerengeredwa pa mabuku a boma lomwelo. Apolisi a pamadzi ndi asilikali a pamadzi, amene ali ndi maboti a injini ndi akatswiri odziwa kulowa pansi pa madzi, malikulu awo ali ku Monkey Bay. Kuchokera kumeneko kukafika ku Mchinji ndi mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo chigawo chomaliza cha ulendowo ndi misewu ya matope ya m'maesiteti, pakuti mabwato amagubuduka m'nyengo yomweyo imene misewu imaterera.

Tsopano tiwerengere pamodzi. Ubongo wa munthu ukasowa mpweya kwa mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi umayamba kuonongeka. Galimoto lokoka boti kuchokera kunyanja, ngakhale litanyamuka nthawi yomweyo popanda kalata iliyonse, lidya maola ambiri panjira. Choncho tisanamizane. Chimene timachitcha ntchito yopulumutsa anthu pa mitsinje ya kumtunda kuno, kawirikawiri ndi ntchito yovuula mitembo. Sindikunyoza anyamata amene amalowa m'madzi a matope, m'mabango ndi m'malo a ng'ona kukafunafuna abale athu. Ntchito yawo n'njolemera ndipo ambiri a ife sitingaiyerekeze. Ndikunena za amene adawaika kutali chotero, osaika kanthu kena pafupi.

Ngakhale ntchito yovuula mitemboyo si yaing'ono, ndipo m'menemo ndimo malire amaluma kwambiri. Tiyerekeze kuti bwato lagubuduka pa Bua, mbali ya Kasungu. Patapita masiku atatu mtembo wayandama nukodwa m'mabango mbali ya Ntchisi. Amene aupeza sakumudziwa munthuyo, chifukwa palibe adawauza kuti aziyang'ana pamadzi. Polisi imene ilembe za mtembowo si imene idalemba za ngoziyo. Nanga upite ku nyumba yachisoni ya chipatala chiti? Galimoto lake ndi la yani, mafuta alipira ndani? Thupi lokhalitsa m'madzi silidikira mayankho a mafunso amenewa. Mwina aikidwa pomwepo ngati munthu wopanda kwawo, pamene kumtunda mkazi wake akugona pa doko usiku ndi usiku. Inu mukudziwa tanthauzo la maliro opanda mtembo pakati pathu. Adzukulu alibe chokumbira manda, nyumba simetedwa, mayi sadziwa ngati ndi wamasiye kapena ayi, ndipo kalata ya imfa imene ana angafune mawa palibe woilemba.

Apa mpamene mtima wanga umawawa, chifukwa dziko lomweli limadziwa bwino kugwirizanitsa maboma likafuna. Taonani fodya. Pa nkhani za ulimi, Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Ntchisi ali pansi pa ofesi imodzi, Kasungu ADD. Tawerenganinso maina anayiwo. Ndi maboma omwewo amene Rusa ndi Bua amadutsamo! Wina wake adakhala pansi naona kuti chigwa chimenechi n'chimodzi, dothi lake n'limodzi, mvula yake n'njimodzi, choncho alangizi ake ayenera kumvera mutu umodzi. Nzeru imeneyo idapezeka pofuna chimanga ndi fodya. Pofuna kupulumutsa mlimi wa fodyayo m'madzi, nzeruyo idasowa.

Belo la fodya likangochoka pa jeke limakhala ndi nambala ya mwini wake. Likwera lole, lidutsa malire a maboma popanda wolifunsa kuti ndiwe wa D.C. uti, lifika ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo kumeneko kuli munthu wodziwa kuti lafika, lalemera bwanji, lagulidwa pa mtengo wanji. Likasowa pamakhala mlandu. Wina akayesa kulizembetsa kupita nalo ku Zambia usiku, pamenepo ndiye muone apolisi a maboma osiyana akumvana ngati ana a mimba imodzi. Koma tenanti amene adasoka fodyayo, nampachika m'chigafa, nadya ngongole ya ufa chaka chonse, akakwera bwato palibe buku lililonse lolembamo kuti wakwera. Mwezi wa Epulo umene anthu adamira pa Rusa ndi mwezi womwewo umene misika ya fodya imatsegulidwa, ndipo aliyense wa ife akudziwa nkhani imene imatenga malo aakulu pa wailesi m'mwezi umenewo.

Taonaninso njovu. M'chaka cha 2015 Malawi ndi Zambia adasainirana pangano losamalira pamodzi nkhalango za m'malire, kuphatikizapo Kasungu ndi Lukusuzi. Mu 2022 njovu 263 zidanyamulidwa pa magalimoto kuchoka ku Liwonde kudzatulidwa ku Kasungu, ntchito yofuna madokotala a nyama, ndege, ndi ndalama zochuluka. (Zimene njovuzo zachita m'minda ndi pa miyoyo ya anthu a mbali zonse ziwiri za malire ndi nkhani ina, ya tsiku lina.) Ine sindidana ndi njovu. Ndikungofunsa kuti, ngati maiko awiri a mbendera zosiyana adatha kulemba pangano chifukwa cha nyama yodutsa malire, chovuta n'chiyani kuti makhonsolo oyandikana a dziko limodzi alembe pangano chifukwa cha munthu wotengedwa ndi madzi?

Wina anganene kuti awa ndi matenda a umphawi. Ayi ndithu. Usiku wa pa 24 Novembala 2021, boti lampira lonyamula anthu othawa kwawo lidayamba kumira pa nyanja ya pakati pa France ndi Britain. Anthuwo adaimba lamya kangapo ku mbali zonse ziwiri. A ku France adawauza kuti ali m'madzi a Angerezi, ndipo a ku Britain adafika poganiza kuti apulumutsidwa kale. Mitembo 27 idavuulidwa, opulumuka adali awiri okha. Awatu ndi maiko okhala ndi sitima, ndege ndi makina oona usiku. Chidapha anthuwo si kusowa kwa zipangizo kokha, koma mtima uja wakuti pali wina amene akuyang'anira. Matenda amenewa sasankha thumba, kungoti wosauka akawadwala alibe pogwira pena.

Ndiye chifukwa chake maiko adapangana ku Hamburg m'chaka cha 1979 za kasakidwe ndi kapulumutsidwe ka anthu panyanja. Adagawana nyanja zikuluzikulu m'zigawo, koma adauzananso kuti oyandikana azithandizana, ndipo pa ntchitoyi mwambo wake ndi wakuti amene wayamba kumva kulira ndiye asenze udindo wonse kufikira mwini chigawo ataulandira. Nzeru yake ndi yomweyi basi: yamba wathamanga, za malire mukambirana pambuyo. Pa nyanja ya Victoria, pamene sitima ya Bukoba idamira mu 1996 ndi ya Nyerere mu 2018, Kenya, Tanzania ndi Uganda adagwirizana zokhala ndi likulu limodzi la ntchito yopulumutsa ku Mwanza (wa ku Tanzania, osati wathu wa pa njira ya ku Tete).

Nanga ife pa nyanja yathu? Vipya idamira mu Julaye 1946 ndi anthu 145. Mu Juni 2012 anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia adamira kufupi ndi Karonga. Pa Pasaka wa 2017 boti la anthu ochokera ku mapemphero lidagubuduka ku Mlowe m'boma la Rumphi. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba zathu zozingidwa ndi madzi a Mozambique. Kumpoto tidakali pa mkangano ndi Tanzania wakuti malire ali pagombe, monga lidanenera pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890, kapena ali pakati pa nyanja. Akatswiri a malamulo alemba zambiri zofotokoza mwini madziwo. Ndikadakonda mmodzi wa iwo atalembako tsamba limodzi lofotokoza mwini munthu womira m'madziwo.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe pa zokambirana zathu. Muti ndalama kulibe. Komatu ine sindikupempha boti la injini pa doko lililonse. Amene amapulumutsa anthu m'mphindi zoyambirira zija, kulikonse pa dziko lapansi, ndi amene ali pomwepo: wopalasa wina, msodzi, mayi wochapa, mnyamata woweta ng'ombe kudambo. Anthu amenewa afuna chingwe chachitali, zigubu zopanda kanthu zomangidwa pamodzi, chubu cha galimoto, ndi munthu wowaphunzitsa kubwezeretsa mpweya mwa munthu wovuulidwa. Mtengo wa zinthu zimenezi pa madoko onse a Bua sungafike pa ndalama za alawansi za msonkhano umodzi wa ku hotela ya kunyanja, kumene akuluakulu amakakambirana za kukonzekera ngozi atayang'ana madzi odekha.

Ena muti yankho ndi milatho. Zoona, ndipo ndani angakane mlatho? Koma Bua ndi wautali, madoko ake ndi ambiri, ndipo mlatho uliwonse umadikira bajeti, kontrakitala ndi chisankho. Akuluakulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala, koma mwambiwu sugwira pa munthu amene walandira uthenga wakuti mlongo wake aikidwa lero masana. Adzaoloka basi. Mlatho wapafupi ukakhala ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga, kumuuza kuti azungulire n'chimodzimodzi kumuuza kuti asapite.

Ena muti ngozi zotere n'zapatalipatali. Zimene zimamveka pa wailesi, inde. Koma munthu mmodzi akamira, mwana wasukulu kapena bambo wochokera kumsika, nkhani imathera pa bwalo la nyakwawa. Bungwe la WHO lidati m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi pa dziko lonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo. Chaka chomwecho bungwe la United Nations lidapatula tsiku la 25 Julaye kuti likhale lokumbutsana za kupewa imfa zotere. Mu Julaye mitsinje yathu imakhala itaphwa, choncho n'kwapafupi kwa ife kuliiwala.

Chondichititsa manyazi n'chakuti mafumu athu adaithetsa kale nkhaniyi pa zinthu zawo. Uthenga wa maliro umaoloka mtsinje usiku womwewo, wopanda chidindo, wopanda kope lopita ku likulu. Kale ankatuma anyamata awiri, lero ndi foni ya m'manja, koma mwambo ndi womwewo: mfumu iuza mfumu inzake mwachindunji. Anthu a pa Rusa aja adali m'bwato chifukwa uthenga wotere udawafika m'nthawi yake. Mudzi umadziwa kulankhula chammbali. Ndi ife ophunzira, ndi mabokosi athu ndi mivi yathu, amene tidaiwala.

Ndipo ndikati ife ndikunena ife ndithu, okhala m'chipinda chino. Pakati pathu pali amene zaka zikubwerazi adzakhale pa mpando wa D.C., ena adzakhala akulu a apolisi, ena oyang'anira zipatala. Tidzaphunzira msanga chilankhulo cha mu ofesi: nkhaniyo si ya kuno, tikudikira malangizo, galimoto lilipo koma mafuta ndi a ntchito ina. Alakatuli athu nawonso amakonda madzi kwambiri. Napolo tamulemba mpaka watopa, tamusandutsa fanizo la chilichonse chimene tikuopa kutchula dzina. Koma pa Rusa padalibe chinjoka chotuluka m'phiri. Padali bwato, anthu 22, ndi mtunda wautali pakati pa iwo ndi thandizo. Zinthu zotere sizifuna fanizo, zifuna kutchulidwa monga zilili. Aphunzitsi athu a Geography, amene chaka ndi chaka amatituma kukajambula mapu a misika, angachite bwino kutuma kalasi imodzi kukalemba madoko onse a Rusa ndi Bua, dzina la mudzi wa mbali iyi ndi wa mbali inayo, chipatala chapafupi ndi msewu umene umapitika m'dzinja.

Chimene ndikupempha kwa makhonsolo n'chochepa mochititsa manyazi. Mvula isadayambe, ma D.C. a Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Ntchisi akhale pansi, aitanenso mnzawo wa ku Nkhotakota kumene madziwo amathera, pamodzi ndi akulu a apolisi a zigawo ziwirizo, a zipatala, ndi mafumu a m'mbali mwa mtsinje. Alembe kuti bwato likagubuduka, amene ali pafupi ndiye athamange, kaya ngoziyo yagwera mbali iti. Alembe kuti ambulansi yapafupi inyamule wovulala kupita naye ku chipatala chapafupi, za mafuta adzabwezerana pakutha pa mwezi. Alembe kuti ola lomwelo uthenga utsike ndi mtsinje, doko ndi doko, kuti akumunsi ayambe kuyang'ana m'mabango, ndipo kuti D.C. woyamba kumva aitane a ku Monkey Bay popanda kudikira kudziwa kuti mtembo ukayandamira kwa yani. Manambala a lamya alembedwe ndi penti pa thabwa, likhomedwe pa mtengo wa pa doko pamene wopalasa amamangirira bwato lake. Kamodzi pa chaka, mu Okutobala madzi ali ochepa, ayeserere kuti aone ngati lamyazo zimayankhidwa Loweruka madzulo.

Zonsezi zikwana pa pepala limodzi, ndipo malo okumanirana asavutike kuwafuna. Ku Kasungu ADD kuli kale chipinda chimene anthu a maboma anayiwa amakhalamo akamakambirana za fetereza.